Mapeyala a Mkamwini

Patatha miyezi itatu chimwalirire Nester, mwamuna wake Goliati anasudzulidwa. Anali mkamwini pamudzi wina kufupi ndi Namitambo, choncho mwambo unati abwerere kwawo ku Mikolongwe, mwana wawo Mtisunge atsale kuchikazi.

Pamene ankadzalowa chikamwini, pabwalo la Nester Goliati anapapeza pali mbee, fumbi lokhalokha. Mu 1995 iye ndi Nester anadzala mibawa kumalire ndi mtengo umodzi wa mapeyala, patali ndi khoma kuti mizu isang'ambe nyumba. Chilimwe chilichonse ankautungira madzi kudambo. Chiswe ankachithira phulusa, mbuzi ankazitchinga ndi minga.

M'mawa wonyamuka, akumanga katundu panjinga, anamva nkhwangwa kuseri. Anathamanga. Edwin, mchimwene wa malemuyo, anali atautema kale mtengo wa mapeyala uja mpaka pakati.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikufuna nkhuni zootchera njerwa. Simunapitebe?"

"Dulani mibawa yonse, chonde, koma uwu ayi. Mlongo wanu anaudzala ali ndi pakati pa Mtisunge."

"Anakuuzani ndani kuti mkamwini amadzala mitengo panthaka ya eni? Ngati mukuufuna, uzuleni muukweze panjinga yanuyo!"

Goliati anagwada n'kukumbatira thunthu lovulalalo, misozi ili chuchuchu. Pamenepo apongozi ake, a Bibiana, amene zaka zonsezi ankamulankhula ali chapatali, anafika n'kuima pambali pake.

"Edwin, ika nkhwangwa pansi. Mlongo wako atagonekedwa kuchipatala ku Nguludi unapitako kangati? Uyu ndi amene ankamusambitsa!"

Edwin anaponya nkhwangwa, analowa m'nyumba mwake n'kumenyetsa chitseko.

"Bambo a Mtisunge," anatero a Bibiana, "mwambo sindingauthyole ine. Koma mapeyalawa akamakhwima muzibwera, muzidzadya ndi mwana wanu."

Goliati anamata dothi pabalapo n'kumanga ndi luzi. Atagwira njinga, Mtisunge anakakamira keliyala.

"Ababa, nditengeni! Sindivuta ine, nditengeni!"

Anamumasula zala chimodzichimodzi n'kumupereka m'manja mwa agogo ake. Njingayo sanaikwere. Anaikankha mpaka kulira kwa mwanayo kunaleka kumveka, pakuti maso ake sankaona njira.

Mtengowo unauma mvula isanagwe. Goliati ankabwerabe chaka ndi chaka nyengo ya mapeyala, ndipo panalibe amene anamufunsapo chimene wadzera.