Tsiku Limene Mpenyi Anatseka Pakamwa

Mpenyi anakhala pamkeka pakati pa ana makumi awiri ndi atatu, atatambasula miyendo ngati anzake, ndipo belu la phala lisanalire anali atawerenga kale mawu zikwi ziwiri, ndewu zitatu ndi kulira kumodzi kwabodza. Anali loboti wa msinkhu wa mwana wa zaka zinayi, wovala yunifolomu yobiriwira. M'maso mwake munali makamera, makutu ake ankatola ngakhale kunong'ona, ndipo zonse zimene waona ndi kumva ankazitumiza pa kagalasi ka m'manja ka wofufuza.

Chinali chaka cha 2068. Sitima yamagetsi inkadutsa pa Liwonde mwakachetechete, mankhwala ankafika m'midzi pa tindege topanda munthu, koma ana a sukulu ya mkombaphala ankanyambitabe choko ngati kale.

Wofufuzayo anali Ndaziona Kalemba, wophunzira wa chaka chomaliza pa koleji ya aphunzitsi. Ankabisala m'stolo ya sukuluyo, pakati pa matumba a ufa wa soya, maso ali pa kagalasi. Kafukufuku wake woyamba anakanidwa chaka chapitacho. Iye anafunsa ana mafunso makumi atatu, ndipo onse anayankha kuti "eee" pa chilichonse, ngakhale atawayesa ndi funso lakuti, "Kodi uli ndi ndevu?" Koleji inkalola kuyesa kawiri kokha. Akalepheranso, zaka zinayi zathera m'madzi.

"Mwana akadziwa kuti ukumuyang'ana amasanduka mngelo kapena chimphepo," anamuuza a Dokotala Kamwendo, mayi amene ankamuyang'anira, pomupatsa Mpenyi. "Uyu ana amamuzolowera n'kumuiwala. Iwe usunge malamulo awiri. Usalowerere, ndipo zimene waona usauze munthu."

Tinene chilungamo, makinawo ankagwira ntchito. Pa sabata imodzi anaonetsa kuti ana amayankhula mawu ambiri pa phala kuposa pa phunziro, ndiponso kuti kamtsikana kamene aliyense ankati n'kamanyazi kankapeka nyimbo kuseri kwa thanki ya madzi. Ndaziona ndi maso ake awiri sakanaziona zimenezo.

Lolemba la sabata yachitatu, mlezi wa anawo, Anti Nambewe, analowa m'stolo atanyamula botolo la chiponde. M'kati mwake munali mizere ya tizala tinayi.

"Mng'ono wanga, kagalasi kakoko kakudziwa. Wapisa muno ndani?"

"Anti, malamulo salola."

"Malamulo? Tiyi umamwa muno m'mawa uliwonse uja amaphika ndi malamulo?"

Ndaziona anayang'ana pansi. Munthu wamkulu amene wakulandira ndi manja awiri umamukana bwanji? Ananong'ona kuti, "Mwina mungofunsa Sautso."

Sautso, kamnyamata konenepa masaya, anaimikidwa pakona. Lachiwiri Anti anabweranso ndi nkhani ya mpope wothyoka, ndipo winanso anaimikidwa pakona pomwepo.

Panali mtsikana wina dzina lake Upile, wa zaka zinayi ndi theka, amene ankagawa maudindo pa masanje onse. Anakokera Sautso kuseri kwa chimbudzi, kumene Mpenyi sankafika chifukwa analibe chokachita kumeneko.

"Anti sanakuone. Wakunenera ndani?"

"Mwina Mulungu."

"Mulungu sayankhula ndi Anti. Ndi watsopano uja. Sadya phala. Sakodza. Kuzizira konseku alibe mamina."

"Ndiye timumenye?"

"Dikira kaye tione."

Kuseri komweko, Upile anauza Sautso yekha kuti waika chule m'chikwama cha achemwali a m'stolo. Anadikira mpaka nthawi yoweruka, ndipo palibe chinachitika. M'mawa mwake anakakhala pafupi ndi Mpenyi, anzake ali panja, n'kumunong'oneza mawu omwewo.

Asanatseke n'komwe pakamwa, m'stolo munamveka mfuu. Chikwama chinatuluka pakhomo chikuuluka, mabuku ndi mafuta odzola zili mbwee pabwalo. Pambuyo pake panatuluka Ndaziona, nsapato imodzi ili m'manja. Chule munalibe.

Upile anangogwedeza mutu ngati nesi amene wapeza malungo.

Ana onse anamuzungulira Mpenyi.

"Iwe ndiwe kazitape," anatero Upile.

"Ine ndine mnzanu," anayankha Mpenyi ndi mawu amene anamuikira ku fakitale.

"Mnzathu sanenera. Usadzatinenerenso, wamva?"

Apa tifotokoze pang'ono. Lamulo lalikulu la kafukufuku ndi lakuti munthu safufuzidwa asakufuna. Opanga Mpenyi analiika lamuloli m'mutu mwake molimba: wofufuzidwa akakana, zonse zokhudza iye zimatsekedwa mpaka mwiniwake atavomeranso. Makolo onse anali atasaina zikalata. Kuti mwana payekha angakane, palibe anaziganizira.

"Kodi ukukana kuti ndisunge ndi kutumiza zochita zako?" anafunsa Mpenyi.

"Ndikukana."

"Inenso!" anakuwa Sautso.

Anaima pamzere ngati polandira phala, aliyense n'kukana payekha. Pamene womaliza amatsiriza, kagalasi ka Ndaziona kanali koyera ngati mbale yotsuka. Masiku opita kukaonekera pamaso pa oyesa anali atatsala khumi.

Ndaziona anaimbira a Dokotala Kamwendo.

"Mayi, tsegulani, chonde."

"Ine sindingathe. Ngakhale anamupangawo sangathe. Wathyola lamulo liti?"

"Lachiwiri."

"Ndiye kapepese kwa eni ake."

Ndaziona anayamba wayesa njira yachidule. Anabwera ndi paketi ya maswiti n'kuuza ana kuti wovomera alandira awiri. Onse anavomera, masaya ali tutumu.

"Chilolezo chogula ndi maswiti sichiwerengedwa," anatero Mpenyi.

Maswitiwo sanabwerere.

Tsiku lotsatira Ndaziona anasiya kagalasi m'stolo, navula nsapato, nakhala pamkeka. Anawauza zoona: kuti Mpenyi ankamutumizira zonse, kuti iyeyo ndiye ananenera Sautso, ndipo analakwa.

"Ndiye mukaime pakona," anatero Sautso.

Anakaima. Anti Nambewe anaseka mpaka anakhala pa ndowa.

Atamumasula, Upile anamufunsa, "Inu mukufuna kudziwa chiyani?"

"Mmene mumaganizira mukamasewera."

"Nanga osangosewera bwanji?"

Ndaziona anakumbukira lamulo loyamba lija, lakuti asalowerere. Koma kubisala n'kumene kunamufikitsa pakona. Anapempha malo pa masanje.

Upile anawerenga pa zala. "Amayi ndine. Abambo ndi Sautso. Mwana ndi Mpenyi, poti sayenda kwambiri. Agogo alipo, wogulitsa tomato alipo. Kwatsala galu."

Sabata yonse Ndaziona anakwawa pabwalo, akuuwa alendo ndi kuthamangitsidwa kukhitchini. Galu amamva zambiri, chifukwa palibe amatsitsa mawu galu akamadutsa. Ana akaweruka, Ndaziona ankalemba m'kope ndi bolopeni, ndipo m'mawa ankawawerengera zimene walemba kuti avomere kapena akane. Sautso analamula kuti za chiponde zichotsedwe. Kamtsikana koimba kaja kanalola nyimbo imodzi yokha. Upile analola nkhani ya chule, bola palembedwe kuti anaiganiza yekha.

"Nanga Mpenyi mumutsegula?" anafunsa Ndaziona tsiku lomaliza.

"Ndi khanda," anatero Upile. "Khanda siliyankhula."

Pa tsiku la mayeso Ndaziona anaima pamaso pa oyesa atatu, mawondo ali ndi zipsera, Mpenyi atakhala pampando pambali pake. Wamkulu wa oyesawo, a Pulofesa Jumbe, anatembenuza kope lija ndi chala chimodzi.

"Manambala ali kuti, mayi?" Anatembenukira kwa loboti. "Mpenyi, tipatse zonse za masabata atatu."

"Upile sanavomere."

"Upile ndi dokotala wa kuti?"

"Ndi amayi anga," anayankha Mpenyi.

Woyesa wachitatu anabisa nkhope m'mpango.

A Jumbe sanaseke, ndipo mfundo yawo inali yomveka. Makina satopa, sakondera, saiwala. Kope la munthu mmodzi, amenenso anali galu pa nthawiyo, lingakhale ndi zimene mwiniwake ankafuna kuona. Ndaziona anavomera kuti n'zoona. Kenako anawerenga tsamba la chule: momwe mwana anaonera chinthu chachilendo, n'kukayikira, n'kuuza anthu awiri bodza limodzi pa masiku osiyana kuti aone kumene lidzatulukire.

"Ine kafufuzidwe kameneka ndinakaphunzira chaka chachitatu," anatero, "ndipo ndinapeza makumi asanu pa zana."

Anakambirana ola lathunthu. Anamukhozetsa, koma a Jumbe analamula kuti awonjezere mutu wofotokoza zimene kope lake silingatsimikize, ndipo a Kamwendo anawonjezera wina wonena za chiponde, dzina la mwana osatchula. Ndaziona anatuluka panja n'kukhala pa sitepe.

Chimene palibe anachiganizira n'chakuti Upile anali ndi asuweni. Nkhani inayenda pa zinkhoswe, ku Sande sukulu ndi ku madrasa. Pasanathe miyezi iwiri, a Mpenyi makumi anayi a m'sukulu zina, kuyambira ku Balaka mpaka ku Ntaja, anali atatseka pakamwa, ambiri a iwo ataberekedwa kumbuyo pa nsalu. Koleji inachita kuyambitsa phunziro latsopano la kupempha chilolezo kwa ana, ndipo analipereka kwa Ndaziona kuti aziphunzitsa. Ophunzira ake amawalangiza kubwera ndi zovala zosaopa fumbi.

Akuluakulu opanga Mpenyi aja anatha zaka khumi akupanga maso oti aziyang'ana ana, osakumbuka kuti pamkeka paja panali kale maso makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, ndipo onsewo ankayang'ana iwo.