Nkhope ya Papaketi

Katoni ya mapaketi atsopano a makirisipi itafika, m'nyumba simunakhalikenso. Paketiyo inali yakuda, ya zilembo zagolide, yokongola ndithu, koma nkhope ya malemu panalibe.

Malemuwo, mkazi woyamba wa bambo a m'nyumbamo, ndiwo anayambitsa makirisipi amenewa. Ankadula mbatatesi pamanja, osasenda, n'kumakazinga m'chiwaya chimodzi, mwana ali kumsana. Pomwe ankamwalira n'kuti pali fakitale ndi malole, nkhope yawo ikumwetulira pa paketi iliyonse m'masitolo akuluakulu. Mwana uja, yemwe tsopano anali namwali, ankalowa m'sitolo osagula kanthu, kungofuna kuona mayi ake.

Namwaliyo sanafunse n'komwe. Analoza mayi ake omupeza, n'kuwauza kuti zofuna zawo zatheka. Anamenyetsa chitseko, n'kuyamba kulongedza zoti azikakhala kwa amalume ake.

Mayi omupezawo, osalakwa abale, anangozungulirazungulira pabalaza, mtima uli m'mwamba. Kenako anathamangira kufakitale. Anapeza amuna awo ndi apongozi ataima pa makina olongedzera. Apongoziwo, opanda ndi manyazi omwe, anati ndiwo anachotsetsa nkhope ija pomvera chisoni mtengwa wawo, poti mkazi sangamakumane ndi mnzake wakumanda pa shelefu iliyonse. Bambo aja, monga mwa masiku onse mayi awo akamalankhula, ankangoyang'ana nsapato.

"Amayi, munandifunsa?" anatero mtengwayo, misozi ili chuchuchu. "Zoona, nkhope ija imandibaya. Ndikalowa m'sitolo imandiyang'ana. Koma nsanjeyo ndi yanga, ndithana nayo ndekha. Mwana uja akatuluka pakhomo lero, nanenso ndituluka."

Apongozi anatsonya, n'kumutcha wosayamika. Bambo anang'ung'udza zoti malole akudikira katundu, koma mkazi wawo sanasunthe. Bambowo anayang'ana mayi awo, anayang'ana mkazi wawo, n'kudina batani lofiira. Makina onse anangoti zii.

Mayi omupeza aja pofika kunyumba anapeza namwali ali pageti ndi sutikesi, akudikira galimoto. Sanamunyengerere. Anangomuuza kuti makina aima ndipo nkhope ibwerera.

"Mwavutikiranji? Amayi anga simunkawadziwa n'komwe."

"Ndimawadziwa, mwanawe. Ndikulera mwana wawo."

Namwaliyo analira ngati kamwana, koma pepani sinatuluke, ndi wamakani uja. Anangosendeza dzanja lake pa chogwirira cha sutikesi, n'kusiya malo oti mayi ake agwirepo polowa m'nyumba.