Yankho la a Matroni Lomwe Linafera Pamzere

Mainjiniya anawerenga uthenga uja kachitatu, koma mawu ake sanasinthe. Dzinali anamupatsa anzake a m'kalasi atapanga pulogalamu yopemphera chilolezo chotuluka pasukulu, ndipo mtsikanayu ankayenda nalo mapewa ali m'mwamba. Koma tsiku limeneli dzinalo linkamulemera.

Pulogalamuyo inali yosavuta. Wophunzira ankalemba pempho pa kompyuta ya pakhomo la hositelo, pempholo n'kuima pamzere kudikira a matroni. Yankho lawo linkaimanso pamzere wake mpaka mwini pempho alitsegule. Kuti wina asatulukire chilolezo chadzulo, yankho lililonse linkafunika nthawi yothera, ikakwana lizifufutika lokha. Aphunzitsi a kompyuta anamuuza kuti asanaike nthawiyo akafunse kaye a matroni kuti amayankha nthawi yanji. Mainjiniya anangoseka chamumtima. Akafunse munthu wolemba ndi chala chimodzi? Anaika mphindi khumi, n'kuyesa Loweruka aliyense ali pafupi ndi kompyuta, zonse n'kuyenda bwinobwino.

Lolemba m'mawa, mnzake wogona bedi la pamwamba, yemwe onse ankamutcha Chete, analemba pempho. Achimwene ake ankanyamuka pa basi ya 2 koloko kupita kuntchito kudziko lakutali, kokakhala zaka zitatu, ndipo iye anali atawalukira mpango wa m'khosi. Pa buleki anathamangira ku kompyuta, sanapeze kanthu. Masana, chimodzimodzi. Atafunsa ngati angakagogode kwa a matroni, Mainjiniya anamuyankha mwaukatswiri kuti pulogalamu yake siphonya, ndipo kusayankha ndiye kukana kumene.

Basi inapita. Hositelo yonse inawakwiyira a matroni. Atsikana ankawadutsa osapereka moni, n'kumanong'onezana kuti mayi amenewa mtima wawo ndi mwala. Pa onyozawo, wokweza mawu kwambiri anali Mainjiniya.

Ndiye Lachinayi lino, akuyang'ana m'kaundula wa mauthenga otha nthawi, anakumana ndi yankho la pempho la Chete. A matroni anayankha Lolemba lomwelo 8 koloko itangodutsa, ana onse ali m'kalasi, pakuti ndi nthawi yokhayo imene ankapeza mpata wokhala pansi. Yankholo linadikira mphindi zake khumi n'kufa, buleki isanayandikire n'komwe. Linati: "Pita mwana wanga, ukawatsanzike achimwene ako. Ubwere isanakwane 5 koloko."

Manyazi anamugwira. Pa kompyutapo panalibe wina aliyense. Akanatha kusintha nambala ija mwakachetechete, n'kufufuta kaundulayo, dzina lake n'kukhalabe loyera. Chala chinafika pa batani ndithu. Koma anakumbukira mmene a matroni anaimira pakhonde dzulo lake, kupereka moni kwa ana owayang'ana kumbali. Anachotsa chala, n'kusindikiza uthengawo papepala.

Anamupeza Chete atakhala pabedi, mpango uja uli pamiyendo. Anangomupatsira pepalalo. Chete anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Ndiye kuti anandilola?"

"Anakulola. Ndine ndinaika mphindi khumi. Aphunzitsi anandiuza kuti ndikafunse, ine osapita."

Ankayembekezera kukalipiridwa, mwinanso ankakufuna, chifukwa kukanamupepuza. Chete sanakalipe. Anapinda pepalalo kanayi, n'kulikulunga mumpango muja, n'kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Atsikana awiri amene ankasita mayunifolomu chapafupi anali atamva zonse, ndipo Mainjiniya anadziwa kuti pofika chakudya chamadzulo dzina lake lidzakhala nthabwala ya sukulu yonse.

Chete anatsika pabedi n'kuvala nsapato.

"Tiye kwa a matroni," anatero. "Masiku atatu sindinawapatse moni."

Mainjiniya anatenga kope ndi cholembera, zija anayenera kutenga sabata yatha. Pakhomo la a matroni Chete anaima pambali, manja kumbuyo, osagogoda. Anadikira mpaka Mainjiniya atagogoda yekha.