Mwala Wopsinjira Kabichi ku Ritovo

Ku Ritovo kulibe miyala. Katauni kameneka anakamanga kuseri kwa mzinda, padambo lomwe analiphwetsa ndi ngalande, ndipo ungakumbe mpaka msana kuthyoka, upeza matope okhaokha akuda bii. Komatu nyumba iliyonse ili ndi mwala wake wopsinjira kabichi mumgolo. Radojka, yemwe anakwatiwa kuno kuchokera kumapiri, sanafunsepo kuti miyalayo inachokera kuti.

Chaka chimenecho anaviika kabichi wodzaza mgolo m'madzi amchere, kukonzekera ukwati wa mwana wake Tijana. Kuno ukwati wopanda kabichi wowawasa amakuseka nawo mpaka kumanda.

Usiku wina anamva kubwata m'chipinda chapansi, momwe munali mgolowo. Kabichi akamasasa amaterodi, koma uku kunali ndi kupuma pakati, ngati nkhalamba yachifuwa. Usiku wotsatira fungo linakwera masitepe, fungo la zofunda za munthu wodwala nthawi yaitali. Anatsika ndi tochi. Pamadzipo panali thovu lotuwa, ndipo atapisamo dzanja, china chake chinamukulunga zala. Tsitsi. Lalitali, la imvi. Asa! Anasanzira mundowa.

Atagubuduza mwalawo, kunsi kwake anapeza zilembo zachijeremani ndi kachithunzi ka mayi wachikulire, kong'aluka pakamwa.

Anathamangira kwa apongozi ake, a Smilja, omwe anali chigonere kuyambira chaka chatha.

"Amayi," ananong'ona, "mwala uja ndi wa pamanda!"

"Wadziwa lero? Iwenso!" anaseka a Smilja. "Ajeremani omwe ankakhala kuno atawapirikitsa nkhondo itatha, anatisiyira nyumba, anatisiyiranso manda. Umafuna tizipsinjira ndi chiyani, pilo? Wa anzathu oyandikana nawowa ndi wa kamwana, n'chifukwa chake kabichi wawo safewa. Wathuyu ndi ntchembere, ntchito amaidziwa."

Radojka anakweza mwalawo pawilibala nakautaya m'ngalande. Pofika mawa lake kabichi anali atayandama, wayamba kuda, akununkha chivundi. Ukwati unali Loweruka lomwelo.

Usiku umenewo anamva wilibala ikulira kwii, kwii, pabwalo. Kenako chinthu cholemera chinatsika masitepe, sitepe imodziimodzi, chikupumira m'njira. Sanadzuke. Kunena zoona mtima wake unakhala pansi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamunyansa kuposa tsitsi lija. Kutacha mwala unali pamalo pake, ndere zili noninoni, kabichi atayeranso mbee.

Paukwati alendo ananyambita zala, ena kupempha kachiwiri. Radojka sanalaweko. Madzulo mkwatibwi anabwera kudzamukumbatira, milomo ili ndi mafuta.

"Amama, kabichi ngati uyu kulibe! Mwala uja mundipatse, eti? Kwa amuna anga alibe."

Pakamwa pa Tijana panalendewera tsitsi limodzi la imvi. Radojka analisolola pang'onopang'ono, ndipo linkangotuluka, osatha msanga. Analikulunga m'manja kuti alendo asaone.

"Udzautenge mawa," anatero.