Usafinye Zukiniyo

Chifunga cha m'tauni ya kumapiri ya Da Lat chinali chisanachoke m'misewu pamene Khiem analowa koyamba m'sitolo ya makeke momwe Diep ankagwira ntchito. Anavula chisoti cha njinga yamoto n'kuima ngati waiwala chomwe wadzera.

"Chemwali, mumapanga mabulawuni, timakeke ta chokoleti tija, opanda mazira, mkaka kapena batala?"

"Timapanga, achimwene. Lero mwezi ndi wathunthu, theka la tauni silikudya chochokera ku nyama."

"Nanga othira zukini?"

Diep anaseka. Zukini, kadzungu kotalika ngati nkhaka kaja, iye ankakadziwa ngati ndiwo. M'keke ya chokoleti?

Mnyamatayo sanaseke. Anatulutsa zukini ziwiri m'thumba la jekete. "Yesani. Musasende, mupale tizidutswa ting'onoting'ono. Koma madzi ake musafinye."

Diep anayesadi. Mabulawuni anatuluka mu uvuni akuda bii, ofewa, zukini yosaoneka n'komwe.

"Iwe!" anatero Thoa, mnzake wa kukhitchini, akumugunda ndi chigongono. "Mwamuna woyenda ndi ndiwo m'thumba, ameneyo ngwokwatiwa naye. Sudzagona ndi njala!"

Kuyambira pamenepo Khiem ankabwera mwezi ukaoneka ndiponso ukakhala wathunthu. Kenako anayamba kubwera masiku wamba, opanda chogula, kudzangomutenga pa njinga n'kukwera naye kumapiri kumene amalima maluwa ndi masamba. Diep anagwa m'chikondi, ndipo anagwa chagada.

Foni yake sinkapuma.

"Wadzuka bwanji, Kadzungu kanga? Ndinalota manja ako."

"Kadzungu, ukamaseka ndimaiwala kuti kunja kukuzizira."

Kadzungu! Ndani anamutchapo dzina lokoma chonchi? Ankawerenga uthengawo mobwerezabwereza mpaka Thoa kumulanda foni kuti makeke asapserere.

Koma Khiem anali ndi timalamulo take. Thiramo khofi pang'ono. Mafuta akhale a kokonati. Udule motalika, osati mofanana mbali zonse. Ndipo lalikulu: "Usalawe, wapamtima. Ngakhale kanyenyeswa."

Iye mwini sanadyepo pamaso pa Diep. "Ndikadyera kunyumba mtima uli m'malo," ankatero, bokosi atalinyamula ndi manja awiri.

Thoa sanabise mawu. "Mwamuna wosalawa keke yako, ukudziwa pakamwa pomwe ikukalowa? Funsa, mwana iwe. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Diep anafunsadi. Khiem anamugwira manja onse awiri.

"Ndikulumbira, palibe mkazi wamoyo amene ndimamukonda kuposa iwe."

Mtsikana wa anthu anangomva "kuposa iwe". Mawu enawo anapita ndi mphepo.

"Loweruka ubwere kwathu," anapitiriza Khiem. "Mayi anga akufuna kukuona. Abale onse adzakhalapo. Ubwere ndi thileyi yathunthu."

Kukaonekera kwa makolo! Diep anagula diresi yatsopano. Anapala zukini akuimba, madzi osafinya, supuni osanyambita. Mumtima anali atasoka kale zovala zaukwati.

Atafika, anapeza nsapato zambirimbiri pakhomo. M'nyumba munali utsi wa lubani ndi mbale za zakudya zopanda nyama. Anthu ankalankhula motsitsa. Ichi sichinali chisangalalo, chinali chikumbutso cha womwalira. Koma cha ndani?

Mayi ake a Khiem, amayi ochepa thupi atsitsi loyera, anamulandira ndi misozi m'maso.

"Ndiwe mtsikana wa kusitolo uja? Lowa, mwanangu."

"Zikomo, azakhali," anayankha Diep akuwerama.

Anamulandira thileyi ija n'kupita nayo molunjika pa guwa la makolo. Anaiika pansi pa chithunzi cha mtsikana womwetulira, atavala epuloni yophikira.

"Mpongozi wanga Uyen, mkazi wa Khiem," anatero mayiwo akupukuta galasi la chithunzi ndi chala. "Chifunga chinamubisira galimoto pamsewu wotsika phiri. Sankadya chilichonse chochokera ku nyama, mwana ameneyu, koma chokoleti ndiye ayi! Zukini ankathira paliponse, mpaka mwamuna wake anamutcha Kadzungu."

Diep anayang'anitsitsa chithunzi chija.

"Ine ndinayesa kumuphikira, zinkauma ngati njerwa. Ndiye Khiem anati, amayi, ndapeza mtsikana wa manja ngati ake. Mwezi uliwonse mpongozi wanga wakhala akudya zochokera m'manja mwako. Kumwamba kukudalitse, mwanangu."

Mwezi ukaoneka. Mwezi ukakhala wathunthu. Masiku opereka chakudya kwa akufa! Ndipo ndani sadziwa kuti cha paguwa salawa? Iye, wobadwira konkuno, anapusa bwanji chonchi?

Khiem anali ataima kumbuyo kwake, maso pansi.

"Mwawauza kuti ndine ndani wanu?" Diep ananong'ona.

"Ndimafuna ndiwauze... mwambo ukatha."

"Mumalota manja a ndani?"

"Kadzungu, chonde..."

"Musanditchule dzina la munthu wakufa! Langa mumalidziwa?"

"Diep. Ndimakukonda, Diep. Poyamba inali keke, ndikuvomera. Koma pano ndi iwe."

Mtima wake unkafuna kukhulupirira. Unkafunitsitsa! Analoza thileyi ija.

"Ngati ndi ine, tengani chidutswa chimodzi. Mudye pano, ine ndikuona. Kamodzi kokha mudye chomwe ndaphikira inu."

Khiem anayang'ana timitengo ta lubani. Tinali tisanafike ndi pakati pomwe, ndipo palibe amachotsa chakudya paguwa lubani asanathe. Anatambasula dzanja. Linaima m'mwamba, pansi pa maso a chithunzi, kenako linabwerera lokha.

"Dikira pang'ono," anatero. "Akudyabe."

Diep sanakuwe. Anawerama kwa mayi aja, anawerama kwa Uyen amene sanamulakwire kanthu, n'kukafufuza nsapato zake pakati pa za achibale a eni ake. Misozi inamupeza ali pamsewu, m'diresi yake yatsopano.

Mauthenga anabwera ambiri. "Ndikhululukire." "Sindingakhale popanda iwe." Sanayankhe. Koma mwezi utatsala pang'ono kuoneka, unabwera wina umene unamaliza zonse:

"Ngakhale usandikhululukire, chonde umuphikirebe. Anazolowera."

Anathimitsa foni. Tsiku limenelo anauza Thoa kuti apanga mabulawuni akeake, a Diep, opanda khofi, a zukini yofinya, odula mmene iye akufunira, ndipo alawa mpaka kukhuta.

"Ndiye kulankhula kumeneko!" anatero Thoa.

Diep anapala zukini, anasakaniza, anaika mu uvuni. Atatulutsa, Thoa anasuzumira m'thileyi.

Fungo la khofi linali litadzaza khitchini. Nsalu yofinyira inali pathebulo, youma. Ndipo mpeni m'dzanja la Diep unali utayamba kale kudula motalika.

Anayang'ana manja akewo nthawi yaitali.

"Thoa," anatero motsitsa, "tawalawa ndiwe. Ine ndikuopa."