Mfuti ya Malemu Kadzamira

Pofika chaka cha 2079, pamsika wa Kanyenda panaimikidwa makina otchedwa Mlondola, bokosi lachitsulo lalitali ngati munthu, lokhala ndi diso limodzi lobiriwira. Wapolisi ankangoponyamo chipolopolo, makinawo n'kutchula mfuti imene chatulukamo, mwini wake ndi mudzi wakwawo, munthu asanameze n'komwe malovu. Kenaka boma linalamula kuti kaundula wa mfuti akhale wotseguka kwa anthu onse, aliyense azifunsa. Vuto lake Mlondola sankadziwa kunong'ona. Yankho lake linkamveka mpaka kwa ogulitsa tomato.

Lamuloli linawasowetsa mtendere a Nachanza, mayi wamasiye woweta mbuzi. Dera lonse linkadziwa kuti m'nyumba mwawo muli mfuti ya malemu amuna awo, a Kadzamira, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi wakuba sanayerekeze kununkhiza khola lawo. Koma mfutiyo anaibweza ku boma maliro atangotha, chifukwa ankaiopa kuposa akubawo. Chimene chinkaoneka pawindo, chokulunga m'chiguduli, unali mpini wa khasu. Akuba akanamva, mbuzi zimene ankaphunzitsira adzukulu zikanatha.

Choncho mayiwo anasamutsira dengu lawo la mazira pafupi ndi makinawo, kuti aziona amene akufunsa. Masabata atatu anadutsa bwinobwino. Tsiku lina masana kunatera njinga youluka ya mlendo wogula ziweto, wa maso osakhazikika.

"Kodi kwa Kadzamira kuli mfuti?" mlendoyo anafunsa.

"Kulibe," Mlondola anayankha mosabisa mawu. "Inabwezedwa m'chaka cha 2070 ndipo inasungunulidwa."

Msika wonse unacheukira kudengu la mazira lija. A Nachanza anachita manyazi osaneneka, analakalaka nthaka itang'ambika. Mlendoyo anauluka ulendo wake, akumwetulira.

Woyamba kuyankhula anali a Chikadza, oyandikana nawo nyumba, mkulu wodzitama amene ankati ali ndi mfuti ziwiri.

"Alamu, ndiye ife timagona miyendo tambalale chonsecho akutilondera ndi mpini?"

"Musandiseke, alamu," anatero a Nachanza. "Bola inu muli nazo ziwiri. Muzindiponyerako diso kukhola."

A Chikadza anakanda pamutu, n'kuyamba kuyang'ana mitambo ngati akufuna mvula. Mayi wina wogulitsa mandasi, a Namilanzi, sanachedwe. Anapukuta manja pachitenje n'kusendera kwa makina.

"Nanga kwa Chikadza?"

"Kulibe. Sanakhalepo nayo."

"Kwa aphunzitsi opuma aja, a Mlauzi?"

"Kulibe."

Anthu anandanda ngati kuchigayo, aliyense kufunsa za mnzake. Nyumba ndi nyumba yankho linali lomwelo. Kanyenda yense, amene midzi yozungulira inkamuopa ngati msasa wa asilikali, analibe ngakhale mfuti imodzi. Aliyense ankadalira bodza la mnzake, n'kuwonjezerapo lakelake. Anthu anaseka mpaka misozi, a Nachanza nawo anaseka atagwira nthiti. Mtima wawo unapepuka kwa nthawi yoyamba chiikireni malemu m'manda.

Koma kuseka sikulondera mbuzi. Mlendo uja anali atamva kale, ndipo ena adzamvanso.

"Ndiye titani abale?" anafunsa a Namilanzi.

"Ine ndatopa kuopa ndekha," anatero a Nachanza. "Bwalo langa ndi lalikulu. Bweretsani ziweto zonse, timange khola limodzi, tizisinthana kulondera."

Dzuwa lisanalowe mitengo inali itafika. A Chikadza anakumba maenje mwakhama kuposa onse, mwina pofuna kukwirira manyazi, ndipo anasankha okha kuyamba ulonda. Patapita mlungu umodzi njinga youluka ija inabweranso, inazungulira kawiri pamwamba pa kholalo, inapeza anthu anayi akusewera bawo pakhomo pake, n'kubwerera.

A Nachanza anabwezera dengu lawo pamalo akale, pamthunzi. Lamuloli sanalikonde mpaka kalekale, ndipo ankanena poyera kuti za m'nyumba mwa munthu si zolengeza pamsika. Komabe madzulo aliwonse ankaima pakhonde n'kumamvetsera mbuzi za mudzi wonse zikulira pabwalo pawo, ana a eni ake akuthamangitsana kudzazitsekera.

Zaka zonse zimene anthu ankaopa nyumba yawo, akuba sankafikako, komatu alendo nawonso sankafika.