Munda Wodya Mafupa

Boma litabweza minda kwa eni ake m'chigwa cha mtsinje wa Prut, Tudose Vrabie analandira chigawo cha atate ake chitatheratu mphamvu. Zaka zambiri za feteleza ndi mpendadzuwa zinaisiya nthakayo yotuwa, yowawasa, youma gwa ngati njerwa. Ukatembenuza chibuma sunkapeza ngakhale nyongolotsi imodzi. Kuseri kwa malire kunali munda wa mlamu wake Gherasim, wakuda bii, tirigu wake wofika m'chiuno. Tudose ankadutsapo atayang'ana kumbali.

"Alamu, mwabzalazi ndi chimanga kapena anyezi?" ankatero Gherasim. "Bwerani ndi ngolo mudzatenge ndowe kukhola kwanga. Ng'ombe sizindilipiritsa."

"Ndowe zanuzo mudzipaka pabuledi," Tudose ankayankha.

Mkazi wake Smaranda anayankhula mpaka pakamwa kuuma. "Bambo a Ilinca, thirani laimu wochotsa kuwawasa kwa nthaka, bzalani nyemba, mapesi musamatenthe. Nthaka idzadzuka."

"Podikira idzukeyo tizidya chiyani, malangizo akowo?"

"Kunyada kwanu takhala tikudya, koma sindinaone wokhuta."

Chisanu chitatha, Tudose anapita kwa Ilarie, nkhalamba imene kale inkakumba manda, yodziwika ndi zithumwa.

"Ukufuna chonde cha mlamu wako?" inafunsa nkhalambayo. "Nchapafupi. Ukakoke nsalu m'mame a m'munda mwake, nkukafinyira mwako."

"Ine sindine wakuba. Ndikufuna changachanga."

"Kuba kukanakutsikira mtengo." Ilarie anatulutsa kambiya kodzaza dothi lakuda, komata ndi phula. "Kakwirire pakati pa munda. Koma umve. Ngala iliyonse imachotsa kanthu m'nthaka. Mlamu wako amabwezera ndi ngolo. Iwe sudzanyamula kalikonse. Munda uzidzatenga wokha."

"Kwa yani?"

"Kwa odya za m'dzanja lako. Munda umakonda mafupa. Sunaone mmene udzu wa kumanda umanenepera?"

Tudose anaganiza za hatchi yake yokalamba, nkhumba ndi atsekwe, amene ankawadyetsa ndi dzanja lake m'mawa uliwonse. "Ziweto? Mundawo uzitenge."

Nkhalambayo sinamuwongole.

Chaka chimenecho tirigu anafika pachifuwa, ogula nachokera kutali kudzapikisana pachipata chake. Atsekwe anayamba kuikira mazira opanda chikamba. Hatchi inathyoka mwendo ili chiimire m'khola. Tudose anangoti zakalamba, nagula thirakitala.

Chaka chotsatira, ali patebulo, dzino la Smaranda linatsalira m'buledi. Sabata isanathe linagwa lina. Ilinca, mwana wawo, amene pagule wa Lamlungu ankatopetsa anyamata onse, anayamba kuyenda mogwira makoma, miyendo ikupindika ngati nthambi zaziwisi. Adokotala a m'tauni anati mafupa ake aphwanyika m'kati, namupatsa mapiritsi ndi mkaka wambiri. Zonsezo zinangodutsa ngati madzi mumchenga, ndipo tirigu anabiriwira koposa.

"Munakwirira chiyani m'munda muja?" Smaranda anafunsa ataphimba pakamwa ndi mpango. "Musandinamize. Manyowa simuthira, laimu simumudziwa. Akudyetsa munda umenewu ndani?"

Tudose anakumba masiku ambiri, koma kambiya sanakapeze. Paliponse panali mizu yoyera, yolukanalukana. Anathamangira kwa Ilarie.

"Tinapangana za ziweto."

"Ziweto unatchula ndiwe. Ine ndinati odya za m'dzanja lako. Mwana wako amadya kwa yani?"

"Ndithira ndowe tsopano. Ngolo zonse zimene ungafune."

"Galu amene walawa nyama sabwerera kugaga, mwana wanga."

Smaranda atamva zonse sanalire. Anaitana mchimwene wake Gherasim, namukweza Ilinca pangolo, nachoka naye osatenga ngakhale kathumba ka ufa m'nyumbamo. Kwa amalume ake mtsikanayo analeka kufooka, ngakhale sanavinenso.

M'nyumba munatsala wodya mmodzi. Gherasim anachiona chimenechi, nabwera ndi buledi wa kwawo atamukulunga m'nsalu.

"Idyani uyu, alamu. Wa m'dzanja langa, osati lanu. Munda usowa pogwira."

"Anthu aziti Tudose Vrabie, nkhokwe zili tho, akudyetsedwa ndi mlamu wake?"

"Aziti muli moyo."

Tudose anatseka chitseko.

Nthawi yokolola anthu anamupeza atafa pamalire, atagona pansi pa tirigu wotalika kuposa munthu. Pomunyamula, thupi linapindika pakati ngati chovala chonyowa, mwakuti anachita kumutengera m'bulangete. Tirigu uja palibe anamumweta.

Chotero amene afuna kukolola osabwezera nthaka adziwe kuti nthaka sigona ndi njala: ukaimana ndowe, idzadya a m'nyumba mwako. Dyera likakwatirana ndi kunyada, mwana wawo ndi manda.